Therere la Adzukulu

Loko anali wokhoma bwinobwino. Ichi ndicho chinayamba kumusokoneza Sajeni Idesi Kamtedza atangofika pa kanyumba kaja, kuseri kwa msika wa Mitundu. Pa ntchito yake ya upolisi anali ataonapo akuba othyola zitseko, oboola zipupa, ena ofukula pansi ngati mfuko. Koma wakuba woti potuluka n'kutseka chitseko, kukhomanso loko, kiyi n'kumubwezera pansi pa mtondo pomwe anamupeza, ameneyo anali asanakumane naye.

"Ndiye mukuti chabedwa n'chiyani, achemwali?" anafunsa Idesi.

Wodandaulayo anali Tikondane, mtsikana wochepa thupi wa magalasi, amene anthu a pamsika ankangomutchula kuti "wa mabatire". Anaphunzira za sayansi mumzinda, ndipo m'malo mosaka ntchito ya mu ofesi ngati anzake, anabwerera kwa azakhali ake n'kumatolera mabatire akufa. Ambiri ankati sukulu inamupitirira.

"Botolo limodzi, madamu."

"Botolo limodzi! Tiyi wanga ndamusiya akuzizira chifukwa cha botolo limodzi?"

"Talowani kaye muone."

Idesi analowa. Mawaya ochokera ku masola a padenga ankatsikira m'bokosi lagalasi limene linali patebulo. Bokosilo linali logawidwa pakati ndi kapepala kopyapyala. Mbali imodzi munali madzi akuda ngati a m'chithaphwi, mbali inayo madzi oyera ngati a pamjigo. M'mbali zonse ziwiri munaimikidwa mwala wakuda wosemasema, ndipo tithovu ting'onoting'ono tinkakwera pa miyalayo mwakachetechete. Munalibe utsi, munalibe phokoso, munalibe fungo, komabe munthu ankachita kumva m'thupi kuti muno china chake chikugwira ntchito.

"Batire likafa, si zonse zimene zimafa," anatero Tikondane. "M'kati mwake muli chinthu chotchedwa lithiyamu. Ndicho chimanyamula moto wa mufoni mwanumo. Maiko ena amagumula mapiri kuti amupeze. Ife timamutaya kudzala, mvula n'kumukokolorera kumtsinje."

"Ndiye mumamutulutsa bwanji?"

"Ndimatsegula batire, ufa wakuda wa m'katimo n'kuuviika m'madzi awa. Magetsi a dzuwa akamadutsa m'miyalamu, lithiyamu yekha amawoloka kapepalako, zinyalala n'kutsala kuno. Miyalayi ndi ya ku Malingunde konkuno, yomwe ija imakhala m'kati mwa pensulo. Madzi oyerawa ndikawaumitsa pamatsala ufa woyera, woti n'kupangira batire latsopano. Akudawa sinditaya, ndimawabwereza."

Idesi anagwedeza mutu ngati wamva. Tikondane anaona kuti sanamve. Anayatsa kachitofu ka gasi, n'kupala ndi kawaya tinyenyeswa toyera timene tinatsalira m'mbale, kawayako n'kukalowetsa m'lawi.

Lawi lija linali lobiriwira. Mwadzidzidzi linafiira kuti psuu.

Idesi ankaudziwa moto wa nkhuni, wa makala, ngakhale wa matayala a pazionetsero. Uwu unali wina. Unafiira kwambiri, mosalala, mopanda utsi, moti anabwerera m'mbuyo n'kugwira chipewa chake. Anachita mantha, inde, koma mantha ake anali okoma, oti munthu safuna kuchotsapo maso. Zoona zinthu zimene iye amaziponda tsiku ndi tsiku kudzala zasunga moto wotere?

"Mayo ine," ananong'ona. Kenako anakumbukira kuti ndi wapolisi. "Botololo linali lodzaza ndi zimenezi?"

"Lodzaza. Ntchito ya chilimwe chonse. Koma si ntchito imene ikundidetsa nkhawa, madamu. Ufa umenewu ukalowa m'kamwa umawotcha kukhosi mpaka m'mimba, impso n'kuima. Supuni imodzi ikhoza kupha munthu. Wautengayo ngati sakuudziwa, wanyamula imfa."

Apa nkhani ya tiyi inatheratu. Idesi anayamba kuzungulira m'nyumbamo. Masola onse analipo. Mawaya a kopa, amene akuba amawakonda kuposa amayi awo, anali chikolekere pamsomali. Mbali ya kumanzere kunali zinthu zina zosagwirizana ndi sayansi: lichero, mphasa yopinda, matumba a chimanga. Pakona, pa fumbi la pansi, panali chizindikiro chozungulira, chachikulu ngati thayala la njinga yamoto.

"Apa panali chiyani?"

Tikondane anakweza mapewa. "Kaya. Mbali imeneyo ndi ya azakhali. Nyumbayi ndi yawo, anangondibwereka theka."

"Botolo linali pati?"

"Pashelefu apo. Dzulo ndisanapite ku Lilongwe ndinalichotsa patebulo kuopa amphaka. Ndabwera m'mawa uno, palibe."

Shelefuyo inali mbali ya azakhali.

"Amadziwa pokhala kiyi ndani?"

"Ine, azakhali Elube, ndi Yakobe wa kabaza amene amandibweretsera mabatire. Koma azakhali ali ku maliro ku Nathenje kuyambira dzana, akugona komweko. Ine ndikuganizira Edson wogulitsa masola. Wakhala akundinyengerera kuti ndimugulitse ufawu."

* * *

Edson anamupeza atakhala pakhonde la shopu yake, mwendo wakumanja uli m'pulasitala kuyambira pabondo mpaka kuphazi.

"Madamu, madamu, madamu! Ine ndine bizinesimani, si wakuba ayi. Mtsikana uja ndinangomuuza kuti sisi, tiyeni tipange dilu, inu ubongo, ine maketi. Anakana, basi, palibe chidani. Ndiye taonani mwendowu. Ndinagwa padenga la tchalitchi sabata yatha ndikuika sola. Kupita kuchimbudzi amachita kundinyamula. Ndikabe bwanji?"

"Mukhoza kutuma munthu."

"Ndimutume akatenge ufa, asiye mapanelo ndi kopa? Ufawo ndikaugulitsa kuti lero lino, pa Mitundu pano pali fakitale? Wakuba wanuyo, madamu, sadziwa mtengo wa zinthu. Ameneyo si mnzanga ine."

Idesi sanamukonde munthuyo, koma mawu akewo anawatenga. Wakuba wosadziwa mtengo wa zinthu, waulemu, wotseka chitseko.

Moyang'anizana ndi kanyumba ka Tikondane, mayi Martina ankakazinga mandasi.

"Ine za eni sindipenya, mwanawe. Ndimadzuka, ndikande ufa wanga, basi. Kuti kwa mayi Elube kwalowa ndani, kwatuluka ndani, ine ayi. Ngakhale njinga yamoto ija yabwera kukucha ija, ine sindinayang'aneko n'komwe."

"Njinga yamoto yake iti?"

"Yofiira ija. Yobwera phee, koma pobwerera ndiye ngwee, ngwee, ngwee, ngati belu la sukulu likuthawa. Mpaka agalu kuuwa. Koma ine sindinaone kanthu."

"Inalowera kuti?"

"Msewu wafumbi wa ku Nathenje. Mandasi awiri ndikukulungireni?"

* * *

Pa siteji ya kabaza, pansi pa mtengo wa bulugamu, njinga yofiira inali imodzi yokha. Mwini wake, Yakobe, ataona yunifolomu ndi Tikondane pambuyo pake, anaimirira n'kuvula chisoti.

"Pali Mulungu kumwamba, bwana, ine zinthu za asisiwa sindigwira. Mankhwala awo aja ndimachita kuwaopa. Mphezi indiwombe pompano ngati ndakhudza waya ngakhale mmodzi!"

"Siyani mphezi, kulibe mitambo. Lero m'mawa munali kuti?"

"Pantchito, bwana. Kunyamula anthu, kutsitsa anthu."

"Tatembenukani."

Yakobe anatembenuka monyinyirika. Pamsana pa jekete yake yachikasu panali mwaye, wodindika mokhota ngati mwezi watsopano. Idesi anayang'ana mwayewo, n'kuyang'ana malegeni amene anali lendelende pa kaliyala. Anakumbukira chozungulira chija cha pafumbi, ndi belu la mayi Martina. Chinthu chachikulu, chozungulira, chamwaye kunsi, cholira chikamagunda chitsulo. Mudzi uliwonse uli ndi mayi mmodzi wosunga chinthu chimenecho, ndipo chimatuluka pa ukwati ndi pa maliro pokha.

"Yakobe, poto wa mayi Elube mwapita naye kuti?"

Nkhope ya Yakobe inamasuka. "Aa, poto? Bwenzi mutanena kale! Ameneyo sindinabe, bwana, anandituma eni ake. Dzulo nditatsitsa munthu pa maliro paja anandiuza kuti, mwana wanga, m'mamawa ukanditengere poto wamkulu uja, anthu achuluka. Pamaliro munthu sakana kutumidwa."

"Munatenga poto yekha?"

"Poto, mthiko wake, ndi soda."

"Soda uti?" anafunsa Tikondane.

"Wa pashelefu uja. Anati ukatengenso soda, tiphikire adzukulu therere. Ndinapeza botolo lodzaza bwino, loyera mbee. Mpaka anandiyamikira."

Tikondane anakhala pansi pafumbi pomwepo. Idesi anamulanda foni, n'kupeza nambala ya azakhali. Inali yozima. Masiku onsewa kusiwa, kopanda magetsi, batire linali litatha.

Dzuwa linali litakwera kale. Kwawo kuno adzukulu, anthu okumba manda aja, ndiwo amayamba kudya, ena onse asanalawe.

"Liza njinga," anatero Idesi.

* * *

Idesi, mayi amene amagwira anyamata a kabaza chifukwa chokweza anthu awiri, tsiku limenelo anakwera yekha wachitatu, ndipo ankachita kumukuwira Yakobe kuti akuchedwa. Anadutsa minda yotentha, zigafa zopanda fodya, ngolo za makala zochokera ku Dzalanyama. Tikondane, wopanikizika pakati, ankalira mosabisa.

"Ndinaika m'botolo la mayonezi, madamu. Sindinalembepo kanthu. Ndimati ndani angalowemo?"

"Zolira tikalira komweko, kuli kale maliro. Gwiritsa."

Mudziwo unali kufupi ndi Nathenje, kuseri kwa msewu waukulu. Masamba obiriwira oyalidwa panjira anawauza kuti afika. Koma pamalopo panali bata lachilendo. Nyimbo zinali zitaleka. Amayi anaunjikana magulumagulu, onse kutali ndi kakhitchini kaudzu, akukayang'ana ngati muli njoka.

Mayi wina wonenepa anamugwira Idesi mkono asanafunse n'komwe.

"Mwachita bwino kubwera, apolisi! Kuno kwachitika malodza. Therere litafufuma n'kutayikira pamoto, moto wonse unasanduka magazi. Magazi enieni, ndaona ndi maso angawa! Malemuwa sanapite bwino ayi. Gogo Naphiri, amene amayenera kuthira mchere, anangoti mayo, n'kuthawa ndodo kuisiya."

Idesi ndi Tikondane anayang'anana.

M'khitchinimo munatuluka mayi wamtali wovala bulauzi yoyera ya chigwirizano, duku lomanga mwamphamvu, mthiko uli m'manja. Anali mayi Elube, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene wagonjetsa Satana m'mawa womwewo.

"Tiko, ukudzatani kuno ndi ovolosi pamaliro? Ndiye mwaitanitsa apolisi chifukwa cha moto? Manyazi! Ndawauza amayiwa kuti ife ndife akhristu. Nkhuni zina zimayaka choncho. Anthu akumba kuyambira m'bandakucha, tiwagoneke ndi njala chifukwa cha mantha? Ndapemphera, ndapakula."

"Azakhali, si soda uja! Ndi mankhwala anga a mabatire. Ndi poizoni!"

Mthiko unagwa pansi.

"Alipo walawa?" anafunsa Idesi.

"Ayi... lopanda mchere alawa ndani?" anatero mayi Elube. "Sodayo ndinathira wambiri, poto ndi wamkulu."

"Therere lili kuti?"

"Lapita kumanda. Adzukulu anabweza mawu kuti mulibe mchere. Ndiye ndawanyengerera gogo Naphiri, anyamuka nawo mcherewo posachedwapa."

* * *

Idesi anali asanathamange chonchi chichokereni ku sukulu ya upolisi. Kanjira ka kumanda kankadutsa m'munda wa mizere youma, moti njinga sikanatha. Patsogolo pake nkhalango ya manda inaima yakuda bii pakati pa minda yoyera, mitengo yake yosadulidwa chiyambire makolo. Kumbuyo ankamva Tikondane akupuma mwawefuwefu.

Pa maliro a kuno mchere sathira wina aliyense. Amathira mayi wokalamba amene anasiya kale za m'banja, kuopa kudwalitsa anthu. Idesi, mwana wa mutauni, mwambo umenewu ankauseka. Lero ankaupempherera kuti uchedwe.

M'mphepete mwa nkhalangoyo, pamthunzi, amuna anakhala mozungulira beseni, makasu ali pambali, miyendo yofiira ndi dothi. Anali atasamba kale m'manja. Kamoto kawo koyatsira fodya kankanyeka pafupi. Gogo Naphiri, wowerama, anali atamasula mfundo ya pakona ya chitenje, dzanja lili pamwamba pa beseni.

Idesi analigwira dzanjalo m'mwamba.

"Musadye! Aliyense asakhudze!"

Amunawo anamuyang'ana. Kenako wamkulu wawo, bambo wa imvi wopanda mano akutsogolo amene anzake ankamutchula kuti a Jonesi, anaseka. Adzukulu saopa munthu. Pa maliro amanyoza mfumu, amaseka amasiye, ndipo palibe amawaletsa.

"Taonani, anyamata! Boma latitumizira mkazi. Mayi, ngati muli ndi njala khalani pansi, musachite kutilanda. Tadikira mchere mpaka m'mimba mwayamba kuimba nyimbo za maliro. Ife ndife adzukulu, ndiwo zozizira ngati za odwala sitidya."

"Walawa ndani?"

"Uyu Kalivini, wosusuka. Anangoviika chala. Akuti likuluma ngati tsabola. Tamuuza kuti ndi dyera lakelo."

Kalivini sankaseka nawo. Anagwira pakamwa, ndipo atachotsa dzanja, mlomo wake wam'munsi unali utatuwa n'kutupa. Tikondane anatola chigubu cha madzi n'kumugwiritsa.

"Chukuchani, mulavule. Musameze. Musaleke mpaka madziwo athe. Yakobe akutengerani kuchipatala."

"Aa, zamankhwala zachizungu izi," anatero mnyamata wina, dzanja likusendera kubeseni. "Therere ndi therere. Mayi Elube angatiphe ife?"

Idesi anadziwa kuti yunifolomu pano siigwira ntchito. Njala ndi mwano zikaphatikizana, lamulo limachepa. Anayang'ana Tikondane.

"Aonetse zija unandionetsa ine."

Tikondane anakupiza kamoto kaja mpaka makala anayaka bwino. Anatapa therere ndi chikhatho cha khasu, lotanuka, lobiriwira, looneka lokoma ndithu, n'kulidontheza pang'onopang'ono m'mphepete mwa makala. Linalira kuti tsii, nthunzi n'kukwera. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu, ndipo mnyamata uja anayamba kumwetulira.

Kenako moto unafiira.

Mumdima wa mitengo ija kufiirako kunaposa kwa m'mawa kuja. Malawi anatuluka psuu, n'kuwalitsa nkhope za amunawo, makasu awo, ndi makungwa a mitengo. Gogo Naphiri anagwada, mchere n'kumwazika pansi. Wina anavula chipewa. Mnyamata wamwano uja anabweza dzanja lake n'kulibisa m'khwapa. Idesi, ngakhale kanali kachiwiri kuuona, sanachotsepo maso. Moto wa m'mabatire otayidwa kudzala, woitanidwa ndi dzuwa kudzera m'mwala wa ku Malingunde, unali kuyaka pakhomo pa manda, ndipo unali wokongola koopsa.

"Ndi mizimu?" anafunsa gogoyo chapansipansi.

"Ayi, agogo," anayankha Tikondane, misozi ili mbwembwembwe. "Ndi zomwe zimayatsa foni ndi nyale za sola. Zili m'nyumba mwa aliyense. Kungoti sizidyedwa. Ndalakwa ndine, ndinaziika poti munthu n'kuziyesa soda."

Anthu a kumudzi anali atayamba kufika, mayi Elube patsogolo, duku litagwa. Ataona amunawo ali amoyo, anakhala pansi pamzere wa munda. Idesi anavundikira beseni n'kuimapo. Mlandu wake unali utatha wopanda wakuba: wotuma anatuma zabwino, wotumidwa anamvera, ndipo chitseko anatseka. Za botolo losalemba akakambirana ku ofesi, ndipo Tikondane akamva mawu owawa. Koma mumtima Idesi ankadziwa kale kuti mabatire akufa a kunyumba kwake akawapereka kwa mtsikana yemweyu.

A Jonesi sanasekenso. Anayang'ana motowo mpaka kufiira kunazilala, makala n'kubwerera mtundu wawo wa masiku onse. Anayang'ana mchere umene unamwazika pafumbi. Kenako anatembenukira m'nkhalango, kumene dzenje limodzi linkadikira mwini wake, n'kuyang'ananso anzake mmodzimmodzi, onse okumba manda a mudzi umenewo, atakhala mozungulira beseni limodzi ndi m'manja mosamba.

"Mayi wapolisi," anatero ndi mawu otsika, "mudzi uno ukafa, timaukumbira ndife. Nanga ife, akanatikumbira ndani?"